Ndikatsika basi pa Park Station ku Joni, sitima ya ku Sandton ndikaipeza bwanji?

Mayi wa ku Matawale analemba:

Moni nonse. Ine ndimagulitsa zitenje mumsika waukulu wa Zomba muno, ndipo zaka ndadutsa 50. Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton, ndiye mwezi wamawa, wa Juni, ndikupita kukaona mdzukulu amene chibadwire sindinamunyamulepo. Tikiti ya basi wandigulira kale, yonyamukira ku Blantyre. Vuto lili apa: tsiku limene ndikafike iye akakhala pantchito, ndipo masana samachoka. Akuti ndikatsika pa Park Station ndikakwere ndekha sitima yotchedwa Gautrain, akandichingamira ku Sandton komweko. Mmene akuyankhulira mwanayu, ungati akunena zokwera minibasi ya ku Songani.

Inetu sitima imene ndinakwerapo ndi yakwathu kuno, kuchokera pa Liwonde kupita ku Nayuchi, kalekale ndili mtsikana. Njanji inali imodzi, sitimanso imodzi, ikatulukira umangodziwa kuti ndi yomweyo. Zomba muno njanji mulibe n'komwe. Tsono ndikumva kuti siteshoni ya ku Joniyo ndi yaikulu kuposa ina iliyonse mu Africa, sitima zake n'zamitundumitundu, zina zoyenda pansi pa nthaka.

Katundu ndikakhala ndi chikwama chimodzi chachikulu, komanso kathumba ka mpunga wa ku Domasi ndi matemba a ku Kachulu, poti mwanayo wakhala akulirira zimenezi. Chingerezi ndimamva, koma munthu akathamangitsa ndimatsalira. Amene mumakudziwa kumeneko, tandiuzeni: ndikatsika basi ndikalowere kuti? Tikiti ya sitimayo amagula pati? Nanga ndikakwera yolakwika?

Wa ku Chinamwali ali ku Joni analemba:

Amayi, mantha achepe. Ine Gautrain ndimakwera pafupipafupi popita kuntchito ku Rosebank, ndiye ndikuuzani mmene zilili.

Choyamba muyambe mwafunsa a kondakitala musanafike, ngakhale muli pa Musina pomwe, tauni yoyamba mukangolowa mu South Africa, ngati basi yanu ikalowe mu Park Station mwenimwenimo. Si mabasi onse ochokera kumudzi amene amatsitsira mkati. Ena ali ndi malo awo m'misewu ina ya m'tauni. Akakuuzani kuti akatsitsira kwina, zoti muyende wapansi ndi katundu kufunafuna siteshoni muiwale, muimbire mwana wanu.

Mukatsikira mkati, mupezeka m'chiholo chachikulu momwe muli mawindo ogulitsira matikiti a mabasi, mipando yodikirira, masitolo ndi malo odyera. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa Park Station muli sitima za mitundu iwiri zimene sizigwirizana m'pang'ono pomwe. Pali Metrorail, ya kampani ya boma ya PRASA, imene mapulatifomu ake ali kunsi kwa chiholocho, otsikira masitepe. Imeneyo si yanu, ku Sandton sipita. Munthu akakulozerani kumene kukuthamangira chikhamu cha anthu chifukwa mwangofunsa kuti "train", wakulozerani ku Metrorail. Inu muzitchula dzina lenileni, Gautrain.

Gautrain ili ndi khomo lakelake, kunja kwa chiholocho, mbali ya kumpoto kumene kuli msewu wa Wolmarans, kuyang'ana ku Braamfontein. Muzikweza maso, zikwangwani zili m'mwamba, dzina lalembedwa ndi muvi wolozera. Mtunda wake ndi waufupi. Mukalowa mumatsika pansi pa nthaka pa masitepe oyenda okha, koma inu ndi chikwama chachikulu mufunse chikepe, chilipo. Masitepe amenewo akagwetsa munthu amagwetsa ndi katundu yemwe.

Tikiti yapepala kulibe. Mumagula khadi pawindo, n'kuuza wogulitsayo kuti mukupita ku Sandton, iye amaikamo ndalama. Makina ogulitsa makhadi aliponso koma inu pitani pawindo pali munthu. Khadiyo mumaigunditsa pachipata, chimatseguka, mwadutsa. Musaitaye kapena kuiponya pansi pa chikwama, chifukwa ku Sandton muigunditsanso kuti mutuluke. Pali chipata china chotakata cha anthu a katundu, alonda akuonetsani.

Tsono za kukwera yolakwika, apa ndiye muli ndi mwayi. Park ndi pothera njanji ya Gautrain kum'mwera, ndiye sitima iliyonse yonyamuka pamenepo imalowera kumpoto basi. Poima poyamba ndi Rosebank, pachiwiri ndi Sandton. Mphindi sizikwana 10. Mukangomva Rosebank, konzani katundu. Mukapitirira mupezeka ku Marlboro, ndipo mukagona tulo mudzadzukira ku Pretoria kapena ku Hatfield. Ya ku bwalo la ndege la OR Tambo imayambira ku Sandton, pa Park simungaikwere mwangozi.

Chinanso, m'sitimamo ndi papulatifomu saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu, amalipiritsa. Chinangwa chanu mudyeretu m'basi.

Wooda katundu wa ku Mpondabwino analemba:

Achimwene a ku Chinamwali afotokoza bwino, koma akufotokoza ngati munthu woti wagona pabedi, wasamba, wanyamula kachikwama ka kumsana. Achemwali anga, ine njira imeneyi ndimayenda kukaoda nsapato ndi mabulangete, ndipo ndikuuzani mmene munthu amafikira. Mwadutsa pa Mwanza, mwawoloka Zambezi pa Tete, mwaima pamzere pa Nyamapanda, mwadutsa Harare, kenako Beitbridge. Pa Beitbridge pamenepo palibe amene angakulonjezeni kuti mutha nthawi yakuti. Tsiku lina mumadutsa msanga, tsiku lina dzuwa limakutulukirani muli pamzere. Mumafika ku Joni miyendo itatupa, mutu ukuzungulira, foni itazima. Nthawi imene yalembedwa patikiti musaiwerengere.

Ndiye funso langa kwa mwana wanuyo ndi ili: basi ikafika usiku, watani? Gautrain sichezera. Kukangoda ndithu, cha m'ma 9 koloko, musaidalirenso.

Maganizo anga ndi akuti mukatsika, khalani pansi mkati momwemo, pamipando ya pafupi ndi mawindo a matikiti, pamene pali alonda ndi anthu ena odikira mabasi. Chikwama chikhale pakati pa miyendo, lamba wake mutakulunga kumkono. Mwana wanuyo akaweruka abwere adzakutengeni. Kudikira maola anayi muli pampando si imfa. Iyenso sitima yomweyo imamufikitsa pa Park m'mphindi zomwezo zosakwana 10, bwanji akufuna kuti mayi ake ndiwo avutike?

Chimene chimandiopsa ine si sitima, koma kamtunda kochokera pabasi kukafika pakhomo la Gautrain. Mukangotsika amakuzungulirani anyamata a tingolo tokankha, aliyense akuti mama, mama, dzanja lili kale pachikwama. Ena ndi olongosoka, akufuna ya buledi. Koma ine wina anandinyamulira katundu osayamba tagwirizana mtengo, atafika pakhomo anatchula ndalama yoti ndikanagula nayo mabulangete awiri, anzake atandiimirira kumbuyo. Ndinapereka. Ngati mwafuna wokuthandizani, mtengo muyambe mwamvana katundu asanakwere pangolo, ndipo muziyenda dzanja lanu lili pangolopo. Akayamba kulowera kunja kumene simunamuuze, imani pomwepo mukuwe.

Ndipo musatulukire mbali ya Wanderers kapena ya Noord, kumene kuli malo okwerera maminibasi. Kumeneko anthu ndi othinana, mavenda mbali zonse, foni imachoka m'manja muli kuyankhula. Ife ozolowera timapitako, koma ndalama zili m'kathumba ka mkati mwa chitenje. Pasipoti nayo ikhale pathupi, osati m'chikwama chachikulu.

Che Mdala wa ku Songani analemba:

Amayi, ine ndingowonjezera zing'onozing'ono. Nambala ya mwana wanu ndi adiresi ya kumene amakhala mulembe papepala, mapepala awiri, lina m'thumba lina m'pasipoti. Layini yanu ya kuno ikhoza kukhala chete mukangodutsa Mwanza ngati simunaikonzeretu, ndipo kugula ya kumeneko amafuna kulembetsa, si zochitika mutangotsika basi. Pemphani mnzanu wa pampando kapena a kondakitala akuimbireni mukafika pa Pretoria, mwanayo adziwe kuti mwayandikira. Ma rand mukhale nawo ochepa osinthasintha musanafike, musakatulutse chimpukutu pagulu. Wofunsa njira mufunse wovala yunifolomu kapena amene ali kuseri kwa windo, osati amene wakupezani yekha n'kuyamba kukukomerani mtima.

Pa Beitbridge muonenso bwino chidindo chimene akudindireni. Ife a Malawi timalowa popanda viza mpaka masiku 30, koma muwerenge tsiku limene alemba, chifukwa lotsatira ndi limenelo. Kusangalala ndi mdzukulu kusakuiwalitseni.

Wa ku Chinamwali ali ku Joni analemba:

Achemwali a ku Mpondabwino, za usikuzo ndavomera, basi ikafika kutada amayiwa asasunthe. Koma masana sindikuona chifukwa chokhalira maola onsewo pampando ndi tulo ta masiku awiri. Wogona pampando ndi amenenso amadzuka chikwama palibe. Kuseri kwa chipata cha Gautrain kumalowa okhawo amene alipira, alonda ali paliponse, n'kwabata kuposa m'chiholo muja. Ine ndikanakonda akadikirire ku Sandton kusiyana ndi pa Park.

Kungoti amayi, mugwirizane ndi mwana wanu malo enieni okumanirana. Siteshoni ya Sandton ili pansi kwambiri, mumakwera zikepe kapena masitepe angapo musanaone dzuwa, ndipo anthu amaphonyana wina ali pansi wina ali pamwamba. Muuzeni kuti mukaima pamwamba, mutangotuluka pachipata chogunditsa khadi, ndipo musachokepo.

Za Uber kapena Bolt, magalimoto oitanitsa pafoni aja, ndisakunamizeni kuti n'zophweka pa Park. Madalaivala ake akhala akukangana ndi a matakisi a pamalopo, moti ena amakana kufika pakhomo, amakuuzani kuti muwapeze msewu wina. Kwa mlendo wa katundu zimenezo sizithandiza.

Mayi wa ku Matawale analemba:

Zikomo nonse, Ambuye akudalitseni. Ndamuwerengera mwanayo zonsezi pafoni, waseka za chinangwa koma za usikuzo wakhala chete, sanaziganizire. Tagwirizana chonchi: ndikafika dzuwa lili m'mwamba ndipo mutu uli bwino, ndikwera, poima pachiwiri nditsika. Kukakhala kwada kapena ndatopa kwambiri, ndikhala pampando mpaka abwere. Mpunga ndachepetsa kuti katundu yense ndithe kunyamula ndekha, ngolo ndisaifune. Achemwali a ku Mpondabwino, ndidzakupezani mumsika mundionetse kasokedwe ka kathumba ka mkatiko.

Funso lomaliza: akuti Juni kumeneko kumazizira. Juzi imene ndimavala kuno ikwana?

Wooda katundu wa ku Mpondabwino analemba:

Sikwana. Joni ili pamtunda kwambiri, Juni m'mawa udzu umayera ndi chisanu, ndipo m'chiholo cha pa Park mphepo imangodutsa. Tengani jekete lochindikala, masokosi awiri ndi chipewa, ndipo bulangete likhale nanu pampando m'basi, lisapite kunsi ndi katundu. Mukalifuna mukangodutsa Polokwane.