Mphatso ya ulendo wa sitima kwa amayi ndi abambo

Achimwene London: Mwaswera bwanji nonse? Ma visa atuluka, amayi ndi abambo afika mwezi wamawa. Chonde majekete ayi, a ulendo watha adakali m'sutikesi. Maganizo anga ndi oti tiwalipirire sitima, aziyendera aliyense, osangobindikira kwanga kuno.

Achemwali Glasgow: Ndavomera. Abambo sakugona nazo zoti akaone Blantyre wa kuno, komwe Livingstone anabadwira mu 1813. Ukakwera pa Glasgow Central sitima imakakutsitsa ku Blantyre komweko.

Amalume Dedza: Mwaganiza bwino ana inu. Komatu timamva kuti sitima zakumeneko zimadula kuposa ndege.

Achimwene London: Nthawi zina n'zoona, amalume. Koma kuli khadi lotchedwa Senior Railcard, la anthu a zaka 60 kupita m'mwamba. Ndi £35 pa chaka, ndipo pa £3 iliyonse ya tikiti amakuchotserapo £1. Mlendo nayenso amagula, bola pasipoti.

Mlamu Manchester: Bwanji osatenga Two Together? Khadi limodzi la anthu awiri, £35 yomweyo. Tipulumutsa theka.

Achemwali Glasgow: Ayi mlamu, limenelo limagwira pokhapokha akwerere limodzi. Amayi akafika kwanu n'kunyamula khandalo, mukuganiza kuti adzasuntha? Abambo adzabwera okha kuno, khadi lija n'kusanduka chikumbutso. Aliyense akhale ndi lake.

Mlamu Manchester: Apo mwandigwira 😂

Chitsiriza Area 25: Nkhani ya foni mwaiganizira? Foni ya amayi ndi ya mabatani. Ya abambo imakhala yozima tsiku lonse, akuti akusunga batire.

Achimwene London: Tigula la m'manja pa siteshoni, osati la pa app. Ndidzapita nawo ku siteshoni ya Euston kuno ku London ndi mapasipoti. Liziyenda m'chikwama limodzi ndi tikiti, chifukwa wofufuza matikiti akalifunsa iwo alibe, amalipiritsa.

Mlamu Manchester: Matikiti ndapeza a Advance otchipa kwambiri, Euston mpaka Manchester Piccadilly, ulendo wa maola awiri ndi mphindi zochepa. Ndigule lero?

Achemwali Glasgow: Dikirani kaye. Advance ndi ya sitima imodzi, ya nthawi yomwe yalembedwa pa tikitipo. Ikakusiya, ndalama yapita. Abambo mumawadziwa: kutsanzika kokha theka la ola, kenako pemphero la ulendo, kenako afunse komwe aika chipewa chili kumutu. Tiwagulire Off-Peak Return. Imadulako, koma akwera sitima iliyonse kupatula nthawi ya anthu opita ndi kuweruka kuntchito, ndipo yobwerera imagwira mpaka mwezi. Akakomedwa kwanu, aswere sabata ina popanda wowathamangitsa.

Amalume Dedza: Alamu angawo ndi momwemo ndithu. Koma mlongo wanga bondo limamuvuta. Masitepe ndi katundu, adzatani?

Mlamu Manchester: Musadandaule, amalume. Pali Passenger Assist, yaulere. Timawadziwitsa pasadakhale, wantchito wa pa siteshoni amawakweza, wina n'kukawatsitsa komwe akupita. Imeneyo ndiisamala ine. Ndipo kuchoka kuno kupita ku Glasgow ilipo yosasintha panjira.

Chitsiriza Area 25: Ife a makwacha tisonkhe bwanji?

Achimwene London: Iwe ingoona za mankhwala awo a BP okwanira ulendo wonse ndi mayendedwe a ku KIA. Makhadi awiri £70, ndalipira ine. Mlamu, tikiti za London ndi Manchester. Achemwali, za Glasgow.

Achemwali Glasgow: Chabwino, koma ndigula akafika, tione kaye ngati akubwera awiri kapena mmodzi. Ndipo wina asawauze mitengo. Abambo akaisintha m'makwacha akana kukwera.

Amalume Dedza: Ine pakamwa ndatseka. Uzani azakhali anu a ku Ntcheu, ndi amene amaulula.

Chitsiriza Area 25: Ndiwaimbira madzulo ano.