Mawindo a nyumba yakale ku Bath awola m'munsi, mwini wake akufuna a pulasitiki

Kalipentala wa ku Bristol: Akuluakulu, ndiphuleni nzeru. Ndapeza ntchito ku Bath, mzinda wa ku England, nyumba ya miyala yachikasu ija, yomangidwa cha m'ma 1770, yogundana ndi zinzake mumzere. Mawindo ake ndi a sash, okankhira m'mwamba ndi pansi, timagalasi sikisi kumtunda, sikisi kumunsi. Awiri a chipinda chapamwamba penipeni awola moti sikuludiraiva ikungolowa ngati mu nsima. Mwini wake akuti tizule onse tiike a pulasitiki, kuzizira kwamukwana. Nyumbayo ndi Grade II, ndiye kuti ili pa mndandanda wa boma wa nyumba zakale zotetezedwa, koma iye akuti boma limangoyang'ana khoma lakumaso basi. Ndiyambepo?

Madala a ku Leeds: Achimwene, manja anu asakhudze kaye. Nyumba ikalowa pa mndandanda wa zotetezedwa, chitetezocho chimagwira nyumba yonse, kunja ndi mkati, masitepe, zitseko, ngakhale pulasitala wa kusiling'i. Lamulo lake ndi la 1990. Kuzula windo lotere popanda listed building consent, chilolezo cha khonsolo chosinthira nyumba yotetezedwa, ndi mlandu wa kukhoti, ndipo samangogwira mwini nyumba, mmisiri amene wazulayo nayenso amayankha. Lowani pa intaneti ya Historic England, bungwe losunga mndandandawo, muone zimene analemba za nyumbayo. Komanso mzinda wa Bath uli pa mndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri yofunika padziko lonse kuyambira 1987. Ine pulasitiki sindikuona khonsolo ya kumeneko ikuvomera.

Mayi wopenta: Ndiwonjezere za thupi lanu, alongo. Penti yakale ya nyumba zimenezi imakhala ndi mtovu. Musaipale ndi sandipepa youma, musaiwotchenso ndi moto. Nyowetsani, valani masiki yeniyeni. Ndipo muyang'ane galasilo chammbali dzuwa likawala. Mukaona mizere yopindika ndi timathovu, ndiye crown glass, lija ankaliwuzira ndi kulizunguza pamanja. Ndi lopyapyala kwambiri, likasweka mudzavutika kupeza lofanana nalo. Putty wakale, womatira galasi ku felemu uja, mufewetse pang'onopang'ono, osamugogoda ndi tchizulo.

Wa madenga: Funso langa ndi limodzi. Bwanji awola apamwamba okha, apansi ali bwino? Nyumba za nthawi ya mafumu a George, 1714 mpaka 1830, ankakonda kubisa denga kuseri kwa kakhoma ka parapet kuti kumsewu kuzioneka kowongoka. Kuseri kwa kakhomako kumadutsa ngalande ya mtovu yonyamula madzi a mvula. Ikatsekeka kapena kung'aluka, madzi amalowa m'mwala n'kutsikira pa windo loyandikana nalo. Kwerani mukaone musanadule thabwa lililonse.

Kalipentala wa ku Bristol: Ndakwera, akulu, mwalasa. Ngalande yadzaza masamba ndi zitosi za nkhunda, madzi angoima, mtovu wang'aluka pakona, pamwamba penipeni pa mawindo awiri aja. Chinanso, wina anamata simenti mozungulira mwala wa pansi pa windo. Ndakhudza, m'mphepete mwake mwala ukufumbutuka.

Madala a ku Leeds: Simenti imeneyo ndiyo yamaliza thabwalo. Mwala wa Bath ndi wofewa, umamwa madzi n'kuwatulutsanso ngati wamangidwa ndi laimu. Simenti imatsekera chinyezi mkati, chimasowa kotulukira, chimathera m'thabwa. Ichotseni ndi manja, osati galainda, mubwezeretse dothi la laimu. Za thabwa musataye mtima. Paini wa nthawi imeneyo ambiri ankachokera ku mayiko a ku Baltic, wokula pang'onopang'ono, mizere yake yothinana, ndipo amaposa amene tikugula lero. Dulani powola pokha mpaka mufike pouma, mulumikize thabwa latsopano motsetsereka kuti madzi azitsikira kunja, osati kulowa m'cholumikizacho. Muli pomwepo tsegulani kachitseko ka m'mbali mwa felemu, muone zitsulo zolemera zimene zimathandiza windo kukwera ndi kutsika, musinthe zingwe zake. Windo likamayenda bwino limatsekanso bwino.

Mayi wopenta: Nkhani ya kuzizira musaiiwale, chifukwa ndi imene yabweretsa pulasitikiyo. Ikani timaburashi totseka mphepo m'mphepete mwa sash. Muonenso m'mbali mwa windo mkatimo, kawirikawiri mumakhala ma shutter, tizitseko ta matabwa topinda totsekera windo, amene anamatidwa ndi penti zaka zambiri zapitazo, eni ake osadziwa n'komwe kuti alipo. Akamasuka, usiku amatchinga mphepo bwino zedi. Ngati bwana akudandaulabe, pali galasi lachiwiri loika mkati, windo lakale osalikhudza.

Kalipentala wa ku Bristol: Ma shutter alipodi, ndawapeza! Nanga kukonza kotereku kukufunanso chilolezo?

Madala a ku Leeds: Kukonza mofanana ndi momwe zinalili nthawi zambiri sikufuna, koma musadalire mawu anga kapena a bwana. Jambulani powola, ngalande ndi simenti ija, mulembe zimene mukufuna kuchita kuphatikizapo galasi lachiwirilo, mwini nyumba atumize kwa conservation officer, woyang'anira nyumba zakale ku khonsolo. Yankho libwere lolembedwa, musunge.

Wa madenga: Ndipo pa mtengo mulekanitse ngalande ndi mawindo, ngalande iyambe. Mtovu akonze munthu wodziwa mtovu, osati kupaka phula. Mukatero mupatse khoma nthawi liume musanapente. Loweruka ndili ku Chippenham, mukafuna ndidzadutsa tikwere limodzi.