Ndiyambire pati pomanga dziko lopeka ndisanalembe nkhani zake?

Kambuzi27:
Akuluakulu, ndikufuna kulemba nthano zingapo zochitikira m'dziko limodzi lopeka, la mafumu atatu olimbirana chigwa, nthawi yomwe kunalibe mfuti ngakhale galimoto. Choyamba n'chiti: mapu, mayina kapena mbiri ya maufumuwo? Nanga ndidzadziwa bwanji kuti zakwana?

Wamapu:
Yambani ndi madzi, achimwene. Tengani pepala lalikulu la saizi ya A3 ndi pensulo, muike mapiri, kenako mitsinje itsike kuchokera m'mapirimo. Mitsinje imakumana, siigawikana, kupatula kumathiriro. Nyanja nayo kawirikawiri imatulutsa mtsinje umodzi, monga Nyanja ya Malawi yomwe imatulukira mu Shire yekha. Sankhaninso komwe mphepo ya mvula imachokera. Mbali ya phiri yoyang'anana ndi mphepoyo imanyowa, kuseri kumauma. Onani tiyi wa kummwera kwa phiri la Mulanje komwe kumanyowa, muonenso chigwa cha Phalombe kuseri kwake komwe kumauma.

Pakona ya mapuwo lembani muyeso: sentimita 1 ikuimira makilomita 10. Munthu wosenza mtolo amayenda makilomita 20 mpaka 25 patsiku, ngolo ya ng'ombe siposa pamenepo. Mukapanda kutero, mthenga adzatenga masiku anayi m'mutu wachiwiri, m'mutu wachisanu njira yomweyo n'kuidula usiku umodzi. Owerenga amazigwira zimenezi.

NaPhiri_wa_Nthano:
Mapu ali bwino, koma mkangano umabadwira m'nkhokwe. Mafumu anuwo akulimbirana chiyani kwenikweni m'chigwacho? Dambo lolima m'chilimwe? Mchere? Miyala yosungunula chitsulo cha makasu? Ufumu uliwonse muupatse chinthu chimodzi chomwe uli nacho chochuluka ndi chimodzi chomwe umasowa, njira za malonda zidzijambula zokha. Samalani ndi chimanga: chinachokera ku America, ndiye ngati dzikolo likufanana ndi kwathu kuno kalekale, nsima yake ikhale ya mapira kapena mawere.

Kenako funsani kuti mfumu ikamwalira amalowa ndani. Kwa Achewa ufumu umatsata kuchikazi, amalowa mwana wa mlongo wake wa mfumu. Kwa Angoni a ku Mzimba amalowa mwana wa mfumuyo. Maufumu awiri otsata miyambo yosiyana chonchi akakwatirana, mwana wobadwayo akhoza kukhala ndi mipando iwiri, apo ayi kusowa yonse. Nkhani ya buku lathunthu imeneyo.

Ngati anthu anu amawerenga miyezi poona mwezi kumwamba, miyezi 12 ndi masiku 354 okha, kuperewera 11 pa chaka cha dzuwa. Pakhale wina wolengeza mwezi woonjezera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, kupanda apo mwambo wa masika udzagwera pakati pa dzinja.

Mlongoti:
Pa zamatsenga ikani malamulo atatu basi: ndani angathe, amalipira chiyani, n'chiyani chosatheka. Ngati lichero limaulutsa munthu usiku umodzi, fotokozani chifukwa chake amalonda akuyendabe pansi.

Koma a Wamapu ndi a NaPhiri, musamuchedwetse mnzathuyu. Ena amatha zaka akukonza mayina a mafumu 40 osalemba chiganizo ngakhale chimodzi. A Kambuzi, gulani kope limodzi: tsamba limodzi la mapu, awiri a ufumu uliwonse, limodzi la kalendala, limodzi la mayina (ufumu uliwonse ukhale ndi kamvekedwe kake, musatchule wina Tembala wina Tambela). Mukatha kunena chimene mlimi wamba amadya m'mawa, yemwe amamuopa, ndi komwe angathawire nkhondo ikabuka, lembani nthano yoyamba. Chilichonse chatsopano chimene mwapeka mukulemba, chiloweni m'kopemo tsiku lomwelo, pamodzi ndi nambala ya tsamba pomwe chatchulidwa.