Ndigule puloti pa msewu womwe akuti authira phula, kapena ndimvere bambo a kunyumba tigule galimoto?

A Admin ndibiseni dzina chonde, m'gulu muno muli alamu anga awiri komanso amayi a kumpingo kwathu.

Moni nonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndiye ine ndabwera kudzafunsa za phula lenilenilo, la pamsewu. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Machinjiri, ndili ndi kagolosale komanso ndimagulitsa mbatata ya kachewere yomwe ndimapikula ku Limbe. Kwa zaka zisanu ine ndi bambo a kunyumba takhala tikusunga kandalama, kena ku banki m'khonde, kena ku banki yeniyeni. Mwezi wathawu achimwene anga a ku Joni atibwezera ngongole yomwe tinali titaitaya kale mtima. Pano ndalama yafika poti tikhoza kugula chinthu chimodzi chooneka, koma chimodzi chokhacho, ndiye m'nyumba mwavuta.

Ine ndapeza puloti mbali ya ku Chileka, pa msewu wafumbi womwe umapatuka pa tala n'kulowa kumidzi. Dzina la msewuwo sindilitchula, mungandipite pansi. Mwini malo akuti boma lauika kale mu bajeti. Ndinapita kukaona ndekha: zikhomo zilipo, nyumba zina azilemba X wofiira, ndipo anthu akuti giredala inadutsa mvula itangotha. Mtengo wa malo wakwera kale kawiri poyerekeza ndi chaka chatha chifukwa cha mphekesera yomweyi. Maganizo anga ndi oti ndimange timashopu titatu, kamodzi ndiikemo hadiweya, tiwiri ndichititse lendi. Ndimakumbukira mmene msewu wa Zomba unalili asanaukonze, ndipo ndimaona mmene pa Njuli ndi pa Namadzi pamachitikira malonda masiku ano. Amene anagwira malo msanga sakudandaula.

Bambo akuti ayi. Akufuna Sienta kapena minibasi yogwirapo kale ntchito, iziyenda Limbe ndi Machinjiri, madzulo kuzibwera ya ndiwo. Akuti puloti siiphikidwa. Akundikumbutsanso za November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndalama yathu ili gone ku banki, tinadzuka m'mawa yatha mphamvu ngati tiyi wothira madzi kawiri. Pamenepo sindiwatsutsa, zinatipweteka tonse. Koma mawu awo akuti misewu ya boma imamangidwa pakamwa nthawi ya kampeni, ine akundikwiyitsa chifukwa ina imamangidwadi, tikuyendamo.

Ndithandizeni. Ndingadziwe bwanji kuti msewu uli ndi ndalama zake zenizeni? Nanga akamadzaukuza sadzandigwetsera? Eni maminibasi ndiuzeni zoona, muli phindu? Ofunsa kuti ndalamayo ndi zingati, pepani, inbox yanga siikusowa alendo.

NDEMANGA

Mnyamata wa ku Bangwe:
Mayi, zikhomo zimenezo kwathu anakhoma ine ndili Standade 6. Pano mwana wanga ali Fomu 2. Timamangirirapo mbuzi.

Bambo amene anagwirapo ntchito kwa makontilakitala:
Achemwali, ndakhala pa ntchito za misewu zaka zambiri, ndiye ndiloleni nditalikitseko. Choyamba dziwani kuti msewuwo ndi wa ndani. Misewu ikuluikulu, ya M ija ngati M1 wopita ku Zalewa ndi M3 wa ku Zomba, imayang'aniridwa ndi Roads Authority. Ndalama zokonzera zimasonkhanitsidwa ndi bungwe lina, Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anabadwa ndi malamulo a 2006, kale linali limodzi. Misewu yambiri ya m'makwalala ndi ya kumidzi ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo mbali ya ku Chileka muyenera kufunsa ngati malowo ali pansi pa khonsolo ya mzinda kapena ya boma la Blantyre, chifukwa ndi maofesi awiri osiyana. Mwini malo sangakuuzeni zimenezi, iye akufuna ndalama yanu.

Chachiwiri, zikhomo ndi X wofiira zimangosonyeza kuti oyeza anadutsa. Pakati pa kuyeza ndi kuthira phula pali mtunda wautali. Ayambe ajambula mapulani, aitane makontilakitala kudzera m'nyuzipepala, asankhe mmodzi, asainirane, amupatse ndalama yoyambira, awerengere ndi kulipira chipepeso anthu osamutsidwa. Pa sitepe iliyonse ntchito ikhoza kugona zaka. Giredala isakunamizeni, imeneyo imangopala msewu mvula ikatha, nthawi zina waituma ndi phungu kapena khansala. Chomwe ine ndimakhulupirira ndi kampu ya kontilakitala: mpanda, matanki a dizilo, milu ya miyala, magalimoto onyamula dothi, ndi chikwangwani cholemba amene akupereka ndalama, amene akumanga ndi miyezi ya ntchito. Ngakhale pamenepo muwerenge bwino mzere wa opereka ndalamawo. Ntchito yomwe ndalama zake zachokera kwa abwenzi akunja kawirikawiri imayenda, ngati mmene Masauko Chipembere Highway anaukuzira ndi thandizo la Japan. Yodalira thumba la boma lokha imayenda ndi mmene misonkho yatoleredwera chaka chimenecho. Ine ndagonapo pa kampu miyezi inayi makina ali zii, bwana akudikira malipiro. Ndipo kwacha ikagwa zimaipiraipira, chifukwa phula, dizilo ndi zitsulo za makina zonse n'zogula kunja. Mtengo womwe anasainirana sukwanira, ayambirenso kukambirana.

Chachitatu, chomwe chingakulizeni kwambiri: malire a msewu. Pa misewu ya M, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse ndi malo a msewu. Pa misewu yaing'ono ndi ochepera, koma mukafunse nambala yake ku ofesi, musayerekeze ndi maso. Mukamanga m'kati mwa malire amenewo, makamaka oyeza atadutsa kale n'kuwerengera anthu, adzagwetsa ndipo simudzaona ngakhale tambala. Ena amagulitsa dala malo oterowo atadziwa kuti dzina lawo lalembedwa kale pa chipepeso. Iye adzalandira kawiri, inu mudzatola njerwa.

Mwini funso:
Zikomo bambo. Chikwangwani sindinachione, kampunso ayi. Ndipo X wina ali pa nyumba yoyandikana ndi pulotiyo. Mtima wanga wagunda.

Bambo amene anagwirapo ntchito kwa makontilakitala:
Ndiye musapereke ngakhale ya dipoziti musanayeze.

Mkulu wa ku Chigwa cha Shire:
Mwana wanga, ine kwathu ndi ku Nsanje ngakhale ndakalambira ku Ndirande. Mu October 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko ku Nsanje, kunabwera atsogoleri a mayiko ena, tinavina. Tinkauzana kuti sitima za pamadzi zizichokera kunyanja yamchere kudzera mu Zambezi ndi Shire, katundu atsika mtengo, Nsanje isanduka mzinda. Malume anga anagulitsa ng'ombe n'kugula malo kuti amange malo ogona alendo. Dziko la Mozambique silinalole kuti sitima zizidutsa m'madzi ake, nkhani inathera pomwepo. Limenelo linali doko lomangidwa kale ndi simenti, lokhala ndi mwambo wotsegulira. Inu mukukamba za zikhomo. Sindikuti musagule, malo sawola, koma mugule pa mtengo wa msewu wafumbi popeza lero ndi wafumbi.

Mayi wa ku Chilomoni:
Mawu a agogowa ndi amene ndimafuna kunena. Mwini malo akukugulitsani phula lomwe sanathire iye.

Mwini maminibasi awiri:
Nkhani ya puloti aiyankha ena, ine ndiyankhe ya bambowo. Muwauze kuti galimoto imabweretsadi ndalama tsiku ndi tsiku, koma imaitenganso tsiku ndi tsiku. Funso loyamba: ayendetsa okha kapena alemba dalaivala? Ngati alemba munthu, akonzeke kumva nkhani zatsopano madzulo aliwonse. Lero tageti sinakwane chifukwa cha apolisi apamsewu, mawa tayala, mkuja tinali pa mzere wa mafuta kuyambira 4 koloko m'mawa. Zina zimakhala zoona, zina ayi, ndipo simudzatha kusiyanitsa. Onjezani inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu), oitanira pa siteji, ndi ma sipeya omwe mtengo wake umatsatira dola. Ndiye maenje. Njira yokumbikakumbika imadya mashoko ndi mabushi ngati mtedza, ine pa miyezi itatu iliyonse ndimakhala ndili kwa makanika. Chodabwitsa n'choti njira ikakonzedwa sindisangalala nthawi yaitali, chifukwa aliyense wa Sienta amathamangira komweko, a kabaza a njinga zamoto nawonso ali pakhomo ndi pakhomo kutenga anthu asanafike n'komwe pa siteji. Ine ndikadali m'bizinesiyi chifukwa imodzi ndimayendetsa ndekha ndipo ndimadziwa kugwira sipanala. Ngati bambowo sadziwa kusiyanitsa kulira kwa injini ndi kulira kwa giyabokosi, ndalama yanu ithera ku galaja.

Mnyamata wa ku Zingwangwa:
Madala mwaulula zinsinsi zathu makondakitala, tidya chiyani.

Mayi amene phula linamupeza:
Ine ndine mmodzi mwa omwe mwayi unawagwera, koma ndikuuzeni mbali yomwe anthu sanena. Ndinagula malo msewu uli wafumbi, patapita zaka zisanu ndi ziwiri phula linabwera ndithu. Mtengo wa malo unakwera, lendi inakwera, magalimoto a zakumwa ndi buledi omwe ankakana kulowa nthawi ya dzinja anayamba kufika pakhomo. Zimenezo n'zoona. Koma walira mvula walira matope. Msewu anaukweza, shopu yanga inatsala m'munsi, ndipo kalavati anailozetsa kwa ine. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023 madzi analowa mpaka m'mashelefu, ufa ndi shuga zonse ndinataya. Sindidandaula kwambiri poganiza za anzathu a ku Chilobwe omwe anataya miyoyo, koma phunziro ndinalitenga. Inu mukufuna kuikamo simenti, ndiye mukayang'ane komwe madzi amalowera mvula ikagwa.

China, phula limathamangitsa magalimoto. Kale pa fumbi ankayenda pang'onopang'ono, munthu n'kuima kugula. Pano amangodutsa fyuu. Amene akudya bwino ndi omwe ali pa mphambano, pa siteji ndi pomwe pali mahampu. Mnzanga ali mamita mazana awiri okha kuchokera pa siteji koma amagulitsa theka la zomwe amagulitsa a pasitejipo.

Bambo wa ku Chirimba:
Mukuvutikiranji, ndalama zonse za misewu zikuthera ku Lilongwe. Interchange ya ku Area 18, misewu ya mizere isanu ndi umodzi, ife a Blantyre tikungozemba maenje. Mzinda wa malonda dzina lokha.

Mlongo wa ku Mzuzu wokhala ku Soche:
Achimwene, mukanayendako pa M1 kupita kumpoto asanayambe kuukonza, bwenzi mukuthokoza. Aliyense amaona ngati kwawo ndiye koiwalidwa.

Admin:
Ndale ayi chonde. Thandizani mayiwa. Wotchula chipani ndimuchotsa.

Mphunzitsi wa ku sekondale:
Popanda ndale, mayi, bizinesi yanu yomweyo ikuphunzitseni. Kachewere wambiri amene timadya mu Blantyre amachokera ku Ntcheu ndi Dedza. Thumba likamafika ku Limbe, mu mtengo wake muli dizilo, muli matayala, muli ya pa tolo geti ya Chingeni yomwe inayamba kulipiritsa mu 2021. Mu dizilomo mulinso msonkho wa misewu. Ndiye msewu mumaulipira kale ngakhale mulibe galimoto. Mlimi wa ku Tsangano akakhala ndi msewu wabwino, mbatata siiwolera m'munda, inu mumapikula motchipa, wogula amadya tchipisi motchipa. Apo ndi pomwe boma limati misewu imakweza chuma, ndipo silinama. Koma taonani zaka zomwe msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza wakhala ukukambidwa. Hadiweya yanuyo idzadaliranso zinthu zakutali kuposa msewu wa pakhomo panu. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, mafuta ndi katundu wambiri zimabwera pa mathiraki kuchokera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya ku Balaka itasenza malasha a ku Moatize ku Mozambique, ndipo katundu wathu wambiri akanamayenda pa njanji, malata ndi zitsulo sizikanadula chonchi. Ine ndikanakhala inu ndikanadzifunsa kuti: phula likapanda kubwera zaka khumi, pamalopo pali anthu okwanira kugula misomali ndi sopo lero?

Anti a ku Manja:
Zonse mwanenazi ndi zabwino koma palibe wafunsa za mapepala. Malowo ndi a mfumu kapena ali ndi lizi? Wogulitsayo ndi mwini kapena dobadoba? Abale ake akudziwa? Mchemwali wanga anagula malo omwe anagulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata yodinda. Mupite ndi mboni, mukaonane ndi amfumu maso ndi maso, mufunsenso ku ofesi ya za malo. Ndipo pa pepalapo palembedwe mayina awiri, lanu ndi la bambo. Ndanena ine.

Bambo wa ku Mbayani:
Komatu musawanyoze bambowo pagulu, nawonso akuganizira ana omwewo. Muwatenge mukaone limodzi malowo, mwina akakhala iwo oyamba kuona chomwe inu simunaone.

Mwini funso:
Ndawerenga zonse, ena mwandiseketsa, ena mwandisowetsa tulo. Ndemanga ya eni maminibasi ndawawerengera bambo mokweza, anangoti "hmm" n'kutuluka panja, koma pobwera anafunsa kuti pulotiyo ili kutali bwanji ndi siteji. Ili pafupi, pali chigayo ndi sukulu ya pulayimale, anthu amadutsa ndithu ngakhale pano. Za madzi sindinayang'ane, ndinapita kuli dzuwa. Tagwirizana kuti Lolemba tipita limodzi ku khonsolo kukafunsa mwini msewu ndi malire ake, kenako Loweruka tikayeza. Mwini malo wandiimbira kawiri lero kuti pali wina wa ku Lilongwe akubwera ndi ndalama m'manja, ndamuuza kuti ngati wafika amugulitse. Amene ali ndi tepi yoyezera yaitali ija ya mamita 50 mbali ya Machinjiri kapena Chirimba andibwereke, ndibweza Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.