Zitukuko zachuluka, ndalama zochepa: khonsolo imasankha bwanji choyamba?

NaPhiri_ADC:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ma VDC (makomiti a chitukuko a m'midzi) atumiza zofuna zawo ku ADC (komiti ya chitukuko ya dera la T/A): mijigo, midadada ya sukulu, milatho, nyumba za aphunzitsi, chipatala cha amayi oyembekezera. Gulupu aliyense akuti chake n'chofulumira, koma ndalama za chaka chino sizingakwanire ngakhale theka. Kodi pali njira yovomerezeka yosanjira, yoti munthu n'kuifotokoza pamaso pa mafumu osaoneka wokondera?

Mlangizi_wa_mapulani:
Mayi, njira ilipo, ndipo siyambira pa ndalama. Chichokereni 1998, pamene kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, mapulani amakwera kuchokera pansi. VDC imalemba VAP (pulani ya chitukuko ya m'mudzi), ADC imasonkhanitsa mothandizidwa ndi alangizi a mu AEC (komiti ya alangizi ogwira ntchito m'deralo), akadaulo a DEC (komiti ya akuluakulu a nthambi paboma) amaunika, kenako khonsolo yonse imavomereza DDP (pulani ya chitukuko ya khonsolo) ya zaka 5. Ntchito za chaka chilichonse zimatapidwa mu DDP momwemo. Ndiye sefa yoyamba ndi iyi: chomwe mulibe mu VAP chidikire, ngakhale achibweretse munthu wa galimoto yaikulu.

Chachiwiri, lembani vuto, osati nyumba. "Tikufuna chipatala" si vuto. Vuto n'loti amayi akuchirira panjira chifukwa mtsinje ukadzaza sawoloka. Mukalemba choncho mupeza kuti mwina mankhwala ake ndi mlatho, womwenso uthandiza ana asukulu ndi alimi opita kumsika.

Mukatero yezani ndi miyezo ya boma, osati kukula kwa mawu. Mjigo umodzi umawerengeredwa anthu 250, pa mtunda wosapitirira mamita 500. Chipinda chophunziriramo chimayenera ana 60. Tiyerekeze sukulu ina ili ndi ana 900 m'zipinda 6, ina ana 500 m'zipinda 6: yoyamba ndi ana 150 pa chipinda, yachiwiri 83. Nambalazi zili kwa a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale) ndi kwa alangizi a zaumoyo, ndipo mfumu ikaziona pa bolodi mkangano umazizira.

Zotsalazo zipikisanitseni ziwiriziwiri. Mavuto 6 amapereka mapeyala 15; pa peyala iliyonse funsani kuti "tikanakhala ndi ndalama ya chimodzi, tikanatenga chiti?" Chopambana kambiri chikhala pamwamba. Amayi, abambo ndi achinyamata asanje padera kaye, chifukwa pagulu limodzi nkhani ya madzi imamira, msewu n'kupambana.

Akawunti_Boma:
Zonsezo n'zoona, koma a Mlangizi mwasiya pomwe mapulani ambiri amafera. Kusanja kumatha bwino, kenako pa msonkhano wa khonsolo ndalama n'kugawidwa mofanana kuti khansala aliyense akhale ndi choloza kwawo. Zotsatira zake mukuzidziwa: makoma ofika pa lintala, opanda denga, udzu ukumera mkati. Mvula ikawomba zaka ziwiri khoma limang'aluka, ndipo kumaliza kumadya ndalama zambiri kuposa poyamba. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. BOQ (mndandanda wa zipangizo ndi mitengo yake) yolembedwa zisanachitike izi inasanduka pepala chabe, simenti ndi malata zitakwera.

Choncho musanasanje zatsopano, lembani ntchito zonse zosatha m'dera lanu ndi mtengo womalizira iliyonse pa mitengo ya lero. Buloko yofuna denga ndi madesiki okha iyenera kupambana maziko atsopano.

Funsaninso kuti chikamangidwa adzachiyendetsa ndani. Chipatala si njerwa. Chimafuna namwino ndi mzamba, nyumba zawo, madzi, magetsi kapena sola, ndi mankhwala mwezi ndi mwezi. Ngati ofesi ya zaumoyo paboma sinavomereze kuti itumiza anthu, musamange. Mudzangopatsa mileme pogona. Mjigo nawo ufunika komiti yosonkhetsa ndalama ya zipangizo, apo ayi labala ikatha basi, anthu abwerera kudambo.

Za nthawi: kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Mukachedwa kupeza kontilakitala mpaka October, ntchito igwera m'dzinja, lole ya mchenga osafika. Milatho ndi makalavati zitsogole pa mapepala oitanira makontilakitala kuti zigwiridwe m'chilimwe.

Che_Mapulani2063:
Ndiwonjezere za kumtunda. DDP imayenera kugwirizana ndi masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu January 2021, komanso MIP-1, pulani yoyamba yokwaniritsira masomphenyawo, ya 2021 mpaka 2030. Nsanamira za masomphenyawa ndi zitatu: ulimi wa phindu ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa matauni. Chomwe chimachitika n'choti anthu amasanja kale zofuna zawo, kenako n'kumata dzina la nsanamira pambali pa chilichonse. Kumeneko si kugwirizanitsa. Ngati dera lanu lili ndi dambo lothirira komanso kopaletivi, msewu wotulutsira mbewu upatsidwe mapointi owonjezera poyera, aliyense akuona chifukwa chake.

Ine sindigwirizana kwenikweni ndi a Akawunti pa zomaliza chilichonse chosatha. Zina zinayambidwa pamalo olakwika nthawi ya kampeni, ndipo zina zili m'malo omwe madzi a namondwe wa Freddy anadutsa mu March 2023. Zimenezo injiniya aziyendere kaye. Ngati maziko ndi ofooka, zichotsedwe pamndandanda.

Mlangizi_wa_mapulani:
Apo mwalasa, achimwene. Mayi NaPhiri, potumiza ku khonsolo musapitirire zinthu 3 kapena 4, chilichonse ndi vuto lake, anthu opindula, mtengo, thumba lomwe lingalipire (DDF ya chitukuko cha khonsolo, CDF ya chitukuko cha dera la phungu, kapena bungwe lomwe likugwira ntchito kwanuko) ndi amene adzachisamale. Zomwe zagwa zilembedwenso m'maminitsi ndi zifukwa zake, wapampando wa ADC asayine, a T/A alandire kope, lina limatidwe pa bolodi la ofesi ya ADC. Chaka chamawa muyambire pa chotsatira pamndandandawo.