Phula wosakaniza ndi labala ya matayala akusungunuka tisanathire pamsewu

Akuluakulu amene mumagwira za misewu kuno ku Johannesburg, tithandizeniko nzeru.

Tikusakaniza phula wa 70/100 (nambala yosonyeza kufewa kwa phula) ndi labala yogaya yochokera ku matayala a magalimoto otha ntchito: labala 20 peresenti, mafuta ofewetsa 2 peresenti, pa madigiri 190 mpaka 200. Tizidutswa ta labalayo sitipitirira 1 mm, ndipo mawaya tachotsa ndi maginito. Pakatha mphindi 45 labala imafufuma bwino, phula n'kukhala ngati phala lolimba.

Vuto limayamba lole yonyamula phulayo ikachedwa mumdipiti wa magalimoto pa msewu waukulu wa N3. Pakadutsa maola anayi kapena asanu ali pamoto, labala imagayikiratu, phula n'kusanduka madzimadzi, mpaka kudonthera pansi pa lole kusiya miyala yomwe tasakaniza nayo ili mbee.

Kodi kutsitsa moto kufika madigiri 160 podikira kumathandizadi? Nanga phula wotereyu angadzutsidwe powonjezera labala yatsopano, yochuluka bwanji?

Chinanso, labala yomwe tikulandira ndi yosakanikirana. Ya matayala a malole ili ndi labala yachilengedwe yambiri, ndiye imafufuma mosiyana ndi ya magalimoto ang'onoang'ono. Inu mumaisiyanitsa bwanji matumba akangofika?