BMW E30 yosinthidwa injini: mtengo wake ndiuyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pali BMW E30 325i ya 1989, ya zitseko ziwiri, ili kuno ku Joni. Injini yake ya M20 inachotsedwa, munalowa M50 ya 2.5. Giyabokosi ndi Getrag 260 yomwe ija, difu ndi ya LSD (ija yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha likaterereka), penti ndi yatsopano. Malisiti onse alipo. Pogulitsa ndingowonkhetsa malisitiwo n'kuika kaphindu pamwamba, kapena mtengo umapezeka bwanji?

Yankho 1: Malisiti si mtengo ayi, achimwene. Ntchito yawo ndi kutsimikizira kuti zipangizozo zinalowadi. Ndalama ya makaniko iwerengeni ngati yapita, ndipo pa zipangizo mukabweza theka muthokoze. Yambirani apa: pezani ma 325i atatu kapena asanu a zitseko ziwiri, osasinthidwa, amene AGULITSIDWA miyezi yapitayi. Osati mitengo yolembedwa pa Facebook Marketplace, imeneyo ndi maloto a eni ake. Mtengo wapakati wa amenewo ndiwo poyambira, kenako muziwonjezera kapena kuchotsera.

Yankho 2: Musanafike n'komwe pa masamuwo, nambala ya M50 inalowa m'mapepala? Kuno mukasintha injini pamafunika police clearance, roadworthy (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pamsewu), ndiponso kusinthitsa nambala ku NaTIS, kaundula wa boma wa galimoto. Ngati pepala likunenabe injini yakale, wogula wochenjera amatembenukira pageti pomwepo. Onaninso code, nambala ya m'mapepala yonena mbiri ya galimoto. Ikakhala Code 3, kutanthauza yomangidwanso itawonongeka, mtengo umatsika kwambiri, mabanki ndi a inshulansi amaichitira mphwayi.

Yankho 3: Penti yatsopano pa E30 imadzutsa mafunso kuposa chimwemwe, chifukwa ndi momwe anthu amabisira dzimbiri. Wodziwa abwera ndi maginito kapena kachida koyezera kukhuthala kwa penti. Pomwe maginito sakugwira, pali filler, phala lija lomatira mabowo pabodi. Malo amene adzasuzumire ndi awa: pokhala batire, poikira jeke, m'mphepete mwa matayala akumbuyo, pansi pa galasi lakutsogolo, kuseri kwa fuse box, ndi pansi pa kapeti pomwe madzi amadikha. Ngati muli ndi zithunzi za bodi itapalidwa isanapentedwe, zimenezo n'zamtengo kuposa malisiti a marimu. Dashibodi yosang'ambika nayo imakweza mtengo, yabwino ndi yosowa masiku ano.

Yankho 4: Ine ndikambe za injiniyo. Onani mmene inalowera. M50 mu E30 imafuna sampu ya E34 (BMW 5 Series), ija yosunga oilo kutsogolo. Imapendekeka mosiyana ndi M20, ndiye Getrag 260 imakhala chopendama, ndodo ya magiya ndi chogwiriziza giyabokosi ziyenera kusinthidwa, apo ayi magiya amalimba polowa. Brake booster, chija chofewetsa mabuleki popondapo, imagundana ndi manifold yolowetsa mpweya mu injini, ena amangomenya ndi hamala m'malo moika yaing'ono. Mawaya okulungidwa tepi mwachisawawa, kapena geji ya kutentha yosagwira, wogula amachotserapo ndalama pa chilichonse. Yezetsani compression (mphamvu yopanikizira mpweya m'masilinda) musanalengeze: masilinda onse 6 asasiyane kupitirira 10 peresenti. Muikenso pepala la dyno, makina oyezera mphamvu ya injini.

Yankho 1: Komanso ogula ndi amitundu iwiri, madala. Wosunga galimoto zakale amafuna injini yomwe inachokera nayo ku fakitale, kwa iyeyo M50 ndi chilema. Anyamata a spinning (masewera ozunguza galimoto matayala akufuka utsi) ndi othamangitsa amaikonda, koma matumba awo ndi osaya. Ndipo chonde musaiyerekeze ndi 325iS ya 2.7, yeniyeni ija amaitcha Gusheshe kuno, kapena 333i. Zimenezo zinapangidwa zochepa, za msika wa South Africa, mtengo wake ndi dziko lina. Kumata kit ya iS pa 325i wamba sikusintha nambala ya chasisi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Nambala inasinthidwa, ndipo galimotoyo ndi Code 2, yogwiritsidwapo ntchito wamba. M20 yakale iliponso, ili pa thayala m'galaja, imazungulira bwinobwino.

Yankho 4: Eya, imeneyo musaigulitse padera! Thirani kaoilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, tsekani pakamwa pa manifold ndi nsanza yoyera, jambulani nambala yake, ndipo muilembe pamzere woyamba wa malondawo. Wosunga zakale uja akaiona, abwera.